Ndifunseko za ana asanu ndi hutala yawo

Ine ndine mlimi wa mapira ndi mbatata kuno kummawa kwa Shire, m'dera la Makhanga, ndipo pa unyamata wanga ndinali msodzi. Sukulu ndinalekera sitandade 6. Kuwerenga ndimatha, koma zina za sukulu za masiku ano zimandizunguza mutu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndiye lero ndati ndifunse.

Nkhaniyi inayamba mu Okutobala, nthawi ya dzuwa lija loti nkhuku imayenda kukamwa kuli yasa. Mdzukulu wanga wamkazi, yemwe ali folomu 3 pasukulu yoyendera, anabwera ndi anzake anayi, atsikana awiri ndi anyamata awiri. Anakhala pansi pa mtengo wa bwemba kuseri kwa nyumba, n'kuyala thumba la feteleza. Pathumbapo anakhuthulira chidutswa cha paipi yaikulu, kabotolo ka pulasitiki, mawaya, sipoko za njinga, zidutswa za chitini, hutala yakale ya njinga yamoto ndi batire lobwereka kwa mnyamata wina wakabaza.

"Kodi mwayamba geni ya zitsulo?" ndinafunsa.

"Ayi agogo, ndi za sukulu. Tili pa mpikisano."

"Wothamanga?"

"Wa nzeru, agogo. Tapeza vuto, ndiye tipange chinthu cholithetsa."

"Nonse asanu vuto limodzi?"

"Eya."

"Nanga akakupezani mukuonerana?"

Anaseka onse, koma ine ndinkafunsa zenizeni. Chiyambire sitandade 1, mwanayu amauzidwa kuti aziphimba pepala lake ndi mkono. Pa mayeso a folomu 4 madesiki amatalikitsidwa, woyang'anira amayendayenda, pakhomo amasecha kuopa likasa, ndipo wonong'oneza mnzake yankho angathe kutaya zaka zinayi m'mawa umodzi. Ine ndinkadziwa kuti kusukulu kuthandizana ndi mlandu. Lero sukulu yomweyo yatenga ana asanu n'kuwauza kuti gundanitsani mitu, ndipo mukagwirizana bwino tikupatsani chikho. Ndiye nzeru zenizeni ndi ziti, zophimba ndi mkono kapena zoyala pathumba? Ngati zonse ziwiri ndi nzeru, bwanji zinazo amaziyesa chaka ndi chaka, pomwe zoyala pathumbazi ndaziona koyamba mdzukulu wanga ali pafupi kumaliza?

Vutolo analisankha okha. Anangouzidwa kuti ayang'ane m'mudzi mwawo, ndipo sanayang'ane nthawi yaitali. Mwana wakuno wa msinkhu wawo wathawa madzi kanayi. Mu Januwale 2015, mtsinje wa Ruo unasiya njira yake n'kudzera m'midzi, ndipo ine ndinachezera pachulu, mdzukulu wangayu ali pamapewa. Mu Malichi 2019 kunadza madzi a namondwe Idai. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la magetsi ku Kapichira, dziko lonse n'kugona mumdima. Mu Malichi 2023 Freddy anapha anthu mazanamazana ndi kusamutsa oposa 600,000. Nthawi zonsezi makalasi ankasanduka misasa, mabuku ankanyowa, maphunziro ankaima.

Pamitsinje ina anaimikapo mizati yopaka utoto wobiriwira, wachikasu ndi wofiira, ndipo pali anthu odzipereka omwe amakaona pomwe madzi afika n'kuimba foni kapena kuliza wezulo. Ndi ntchito yabwino, yapulumutsa anthu. Koma anawa anafunsa funso lomwe ine sindinaliganizepo: pakati pa usiku, mvula ikukhuthuka, kugombe kuli ng'ona, ndani akaone utoto? Anati akufuna mzati womwe ungakuwe wokha.

Tsiku lina aphunzitsi awo a sayansi anatulukira pa njinga kudzaona momwe zikuyendera. Ndi mnyamata ndithu, msinkhu wa mwana wanga wotsiriza. Nditawapatsa mpando ndinawafunsa.

"Aphunzitsi, yankho lake muli nalo m'buku lanu?"

"Ayi agogo, ndilibe."

"Ndiye muchonga bwanji?"

"Tiona ngati chigwire ntchito, komanso ngati aliyense mwa asanuwa angafotokoze chifukwa chake."

Ndinakhala kaye chete. Masiku athu mphunzitsi sankafunsa chinthu chomwe iye sakuchidziwa. Funso linali msampha, yankho lili kale m'thumba mwake. Koma moyo wanga wonse, mafunso omwe ndakumana nawo analibe mwini yankho. Mbewu ikauma mu Febuluwale, bwato likang'aluka pakati pa dambo, mwana akatentha thupi usiku mlatho utaduka, palibe amene anaima patsogolo ndi choko chofiira. Ndiye ndimadabwa: ngati mafunso a moyo ndi otere, bwanji sukulu imawasungira mpikisano, osawalowetsa m'kalasi Lolemba m'mawa?

Chinthu chawocho ndinachiona chikubadwa. Paipi anaiboola timabowo kunsi ndi msomali wotentha. Mkati analowetsamo kabotolo kotseka bwino, ndipo pachivindikiro chake anamangirirapo sipoko yoloza kumwamba. Kukamwa kwa paipi anaikako tizitini tiwiri, kena pamwamba pa kanzake, osakhudzana. Waya wina unachokera ku batire kupita ku kachitini kamodzi, wina kuchokera ku kachitini kenako kupita ku hutala. Maganizo awo anali oti madzi akamakwera alowe m'timabowo, anyamule botolo, sipoko ikankhe kachitini kapansi mpaka kagunde kam'mwamba, moto udutse, hutala ilire.

Anayesera mumgolo. Atsikana anatunga ndowa zingapo kumjigo n'kumathira pang'onopang'ono, onse maso ali pa sipoko. Inayamba kusuzumira, n'kukwera, n'kukwera. Kenaka phokoso! Mbuzi zinabalalika, agogo awo aakazi anataya lichero, ana a pamudzi anathamangira kudzaona. Asanu aja anakumbatirana ngati agoletsa chigoli.

Koma mgolo si mtsinje. Atakaimika paipi ija kugombe n'kuisiya masiku atatu, anapeza timabowo tatsekeka ndi matope ndi mizu ya namasupuni, botolo lakanirira pansi. Anabwerera nkhope zitagwa, ndipo pansi pa bwemba panabuka mkangano. Wina akuti tikulitse mabowo. Wina akuti mukatero mulowa nkhanu ndi achule. Wina akuti tikulunge ndi neti ya udzudzu, mnzake akuti neti ndiye igwira matope msanga. Mnyamata wamtali, yemwe amakhala nambala wani m'kalasi, anayamba kuloza chala anzake. Mtsikana wina anadzuka kuti azipita.

Ine ndaluka miono zaka zambiri. Ndinadziwa pomwepo kuti pakufunika kampanda ka bango kozungulira paipi, koti madzi azidutsa, zinyalala zizitsala kunja. Ndinakhosomola kuti ndiyambe kulankhula.

"Agogo, chonde musanene," anatero mdzukulu wanga.

"Iwe, ndisanene bwanji pakhomo panga?"

"Ndi lamulo, agogo. Wamkulu akatiuza, sichikhalanso chathu."

Zinandipweteka, sindinama. Kwathu kuno mwana akamavutika ndi mfundo, wamkulu amamulanda chingwe n'kumusonyeza. Umo ndi momwe ine ndinaphunzirira kugwira nkhafi. Aphunzitsi atabweranso ndinawadandaulira, ndipo anandifotokozera komwe iwo anatengera lamulolo. Anati ku America kuli mpikisano wotchedwa Odyssey of the Mind, womwe unayamba mu 1978 ku New Jersey ndi mphunzitsi wina, Samuel Micklus, ndipo pano umachitika m'mayiko ambiri. Gulu silipitirira ana asanu ndi awiri. Amalimbana ndi vuto limodzi miyezi ingapo, kenaka amapatsidwa mphindi 8 zokha kuti aonetse zomwe apanga. Ndalama zogulira zipangizo zili ndi malire, kuti mwana wa olemera asagule chipambano. Ndipo kholo kapena mphunzitsi akaikapo dzanja kapena ganizo lake, gululo limachotseredwa malikisi. Anati limodzi mwa mavuto a kumeneko ndi kumanga kansanja ka timitengo topepuka, kosalemera ngakhale ngati dzira, koma ana ena amakamanga mwaluso moti kamasenza zitsulo za makilogalamu mazanamazana kasanathyoke.

"Ndiye ife akuluakulu ntchito yathu ndi yotani?" ndinafunsa.

"Kuwapatsa mthunzi, agogo, ndi kudekha."

Ndinadekha masiku atatu, lilime likundiyabwa. Tsiku lachinayi anatulukira mnyamata winayo, wamfupi, wosalankhulalankhula, mwana wa msodzi wa kudambo. M'kalasi akuti amakhala kumapeto, ndipo pa mkangano uja sanatsegule pakamwa. Anabwera atasenza mtolo wa bango. Anakhala pansi n'kuyamba kuluka, anzake akumuyang'ana. Ine ndinkayembekeza mpanda wozungulira, monga ndikanachitira. Iye analuka wosongoka kutsogolo ngati mphuno ya bwato, n'kunena kuti nsongayo iloze komwe madzi akuchokera, kuti namasupuni akafika azigawikana n'kudutsa m'mbali, osaunjikana. Paipinso anati isafike pansi penipeni, ilendewere pang'ono pamwamba pa matope. Atakayesa, sabata inatha botolo likuyandama bwinobwino.

Ndinaganiza kwambiri usiku umenewo. Ndikanalankhula tsiku lija, akanandimvera chifukwa cha imvi, ndipo akanapanga changa, chomwe sichikanaposa cha mnyamatayo. Iyeyo akanakhalabe chete mpaka lero. Kodi ndi nzeru zingati zomwe ife akuluakulu tazikwirira chifukwa chofulumira kulanda chingwe?

Tsono apa pali funso lomwe likundisowetsa tulo. Mwa ana asanuwa, wanzeru ndani? Wamtali uja ndiye anadziwa za moto wa batire, anawerengera kuti hutala ingalire nthawi yaitali bwanji. Mdzukulu wanga ndiye ankakumbukira zomwe zalephereka dzulo n'kuzilemba m'kope, ndipo mkangano ukabuka ndiye ankauzimitsa. Mtsikana wina ali ndi zala zaluso, mfundo zake sizimasuka. Winayo ndi wolimba mtima polankhula pagulu. Wamfupiyo amaudziwa mtsinje ngati khonde la kwawo. Mutachotsapo mmodzi, hutala silira. Koma ndamva kuti pa mayeso a MSCE munthu salandira satifiketi ngati sanakhoze Chingerezi, ndipo mnyamata wa bangoyu Chingerezi chimamuvuta. Zotsatira zikadzatuluka, kodi pepala lidzati iye ndi wolephera? Ngati lidzatero, ndani adzakumbukire za mphuno ya bwato ija? Sindikuti mayeso athe. Dokotala yemwe adzandipime ndikufuna akhale woti anakhoza yekha. Ndikungofunsa ngati pepalalo lilibe kampata kolembapo kuti mwanayu anzake atasowa chochita, iye anapeza njira.

Madzulo ena mdzukulu wanga anandisimbira za William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, yemwe anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ya 2002. Ali ndi zaka 14 anabwereka buku mu laibulale yaing'ono, natola zitsulo kudzala, namanga chopukusa cha mphepo pa mitengo ya bulugamu, mpaka babu linayaka m'nyumba mwawo. Anthu ankamuyesa wamisala. Mu 2007 anakalankhula pamsonkhano waukulu ku Arusha, mu 2009 buku la mbiri yake linatuluka, ndipo mu 2019 anapanga kanema. Ine dzinali ndinalimvapo pawailesi, ndipo ndinkayesa kuti anachita yekha.

"Ayi agogo," anatero. "Anali ndi mbale wake Geoffrey ndi mnzake Gilbert. Gilbert ndiye anamugulira dainamo iye alibe ndalama. Pokweza chimakinacho pansanja anakoka chingwe limodzi."

Ndiye bwanji tikamasimba timatchula mmodzi? Kodi n'chifukwa choti dzina limodzi silivuta kukumbuka, kapena tinazolowera kuti chikho chimakwana m'manja mwa munthu mmodzi? Mwana womva nkhaniyo angaganize kuti kuti upange chinthu uyenera kubadwa wapadera. Akamva kuti analipo atatu, angathe kuyang'ana anzake a pamudzi ndi maso ena.

Kunena zoona, zimene ndinaona pansi pa bwemba si zachilendo kuchigwa kuno. Makolo athu anali ndi nomi. Anyamata ndi atsikana a pamudzi ankapanga gulu, ankasankha atsogoleri awo, n'kumakalima kapena kutola thonje m'minda ya anthu. Malipiro ankasunga pamodzi, ndipo pomaliza pankakhala phwando ndi magule. Bambo anga ankati m'nomi ndi momwe anaphunzirira kumvera mnzawo wa msinkhu umodzi, kugawana mizere, ndi kudikira wofooka kuti onse atuluke m'munda limodzi. Ngakhale bwato lodzaza silifuna munthu mmodzi: wina apalase, wina akape madzi, wina ayang'ane mvuu. Mutu umodzi susenza denga, timatero tsiku ndi tsiku. Ndiye zinatheka bwanji kuti chinthu chomwe tinali nacho pakhomo chichoke, n'kubwereranso ngati nzeru yochokera ku New Jersey? Tinachitaya liti?

Ndinaonanso kanthu kena kakang'ono. Mtsikana wa mfundo zolimba uja anajomba kawiri. Anzake atafufuza anapeza kuti akaweruka amakatunga madzi, kuphika ndi kulera azing'ono ake, chifukwa mayi ake amachezera kudimba. Wamtali uja poyamba anati angomuchotsa. Mawa lake ndinawaona anyamata awiri aja akukankha njinga yomangirira zigubu, kupita kwa mtsikanayo. Madzi atakwana, anabwera naye pansi pa bwemba. Zimenezi sizinali m'malamulo a mpikisano, ndipo oweruza sanazione. Koma kodi limeneli silinali vuto lomwe analithetsa?

Chinthu chitayamba kugwira ntchito, ndinafunsa funso lomwe linawakhumudwitsa, ngakhale sindinkafuna kutero.

"Hutalayi ikalira padooko pathu, madzi amakhala ali kuti?"

"Padooko pomwepo, agogo."

"Nanga kuchoka padooko kufika pakhomo pano, madzi amatenga nthawi yaitali bwanji?"

Anayang'anana. Aliyense wakuno amadziwa kuti madzi athu sagwa kuno. Ruo amachokera kuphiri la Mulanje, amatolera mitsinje ya kumtunda, n'kudzakumana ndi Shire pa Chiromo. Shire akakhuta, Ruo amasowa kothira, ndiye amabwerera m'midzi. Nthawi zina kuno kumakhala nyenyezi, koma mvula yagwa ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndipo madzi amatipeza tili m'tulo. Mzati wokuwa uyenera kuima kumtunda, ndipo pakhale munthu woti akaumva atiimbire foni.

Mdzukulu wanga anati kumtundako, m'munsi mwa mapiri, kuli sukulu ina.

"Ndiye kalankhuleni nawo."

"Agogo, amenewo ndi omwe tikupikisana nawo. Akaona chathu atibera."

Apa mutu wanga unaima. Mpikisanowu unaphunzitsa ana asanu kuyala nzeru pathumba limodzi, koma unawaphunzitsanso kuphimba thumbalo kuti asanu ena asaone. Mkono uja wangokula. Ndikumvetsa kuti popanda chikho mwina sakanapirira dzuwa la Okutobala, pakuti mwana amathamanga bwino akamva mapazi a mnzake kumbuyo. Koma madzi sadziwa yunifolomu. Kodi sipangakhale mpikisano woti sukulu ya kumtunda ndi ya kunsi zikhale gulu limodzi, mdani wawo n'kukhala mtsinje? Kodi sangaike mphoto ya gulu lomwe lathandiza gulu linzake?

Tsiku la mpikisano ndinawaperekeza. Kuyambira pomwe madzi anadula njanji ndi msewu pa Mtayamoyo mu 1997, ife a tsidya lino timawoloka pa bwato tikafuna kupita ku Bangula. Ana anakwera atanyamula paipi pamiyendo ngati wodwala, batire atalikulunga m'chitenje. Anthu m'bwatomo anafunsa kuti n'chiyani, ndipo mtsikana wolankhula uja anafotokoza. Mayi wina wogulitsa makakana anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Mukamaliza mudzatiikire kwathu." Mawu amenewo sanandichoke.

M'holo munali zodabwitsa. Ana ena anapanga makala a zinyalala za m'munda kuti mitengo ipume. Ena anabwera ndi kabokosi koumitsira masamba ndi nsomba padzuwa popanda ntchentche. Ena, ochokera kumbali ya Chikwawa komwe mijigo ina imatulutsa madzi a mchere, anapanga beseni lovindikira ndi galasi: dzuwa limatenthetsa madzi, nthunzi imagwira pagalasi, n'kutsetserekera m'kapu ilibe mchere. Ndinalawa, analidi madzi abwino. Palibe gulu lomwe linabwera ndi vuto la m'buku. Aliyense anabwera ndi chomwe chimaliza amayi ake.

Oweruza anafunsa mwana aliyense payekha. Atafika pa mnyamata wa bango, anayamba Chingerezi, n'kukakamira pa mawu achiwiri, thukuta lili kamukamu. Mayi wina mwa oweruzawo anati, "Lankhula m'chinenero chako, mwananga." Pomwepo anamasuka. Anafotokoza, Chisena ndi Chichewa zikusakanikirana, momwe madzi amazungulirira kuseri kwa chitsa, komwe matope amakhala, chifukwa chomwe nsonga imagawira udzu. Oweruza anasiya kulemba n'kumamuyang'ana. Ndinathokoza mayiyo mumtima. Koma ndinadzifunsanso: akanakhala kuti sanamuloleze, nzeru zonsezo zikanawerengedwa kuti palibe?

Chikho anatenga a madzi a mchere, ndipo anayeneradi. Athu analandira satifiketi ndi makope. Pobwerera m'bwato munali zii, mpaka wamtali uja anayamba kuwerenga zomwe akanakonza, ena n'kumuwonjezera, ndipo pofika tsidya lino anali akukangananso ngati poyamba.

Aphunzitsi anandiuza kuti kuli chionetsero cha sayansi cha sukulu za dziko lonse chomwe chimachitikira ku Kamuzu Academy, ku Mtunthama m'boma la Kasungu. Ndinayesa kuwerengera ulendo wake: bwato, kenaka galimoto mpaka kukwera zitunda za Thabwa, Blantyre, Lilongwe, Kasungu. Ndi mwana uti wa tsidya lino angafikeko popanda womugwira dzanja? Ndipo pasukulu yonse ya mdzukulu wanga, omwe analawako zimenezi ndi asanu okha. Enawo mazana angomva hutala ikulira. Kodi vuto likusowa kuchigwa kuno loti aliyense asakhale ndi lake? Bango lilipo, mabotolo ali mbwee. Chikusowa n'chiyani kuti kalasi iliyonse igawidwe asanuasanu, ngakhale kamodzi pa teremu?

Funso langa lalikulu ndi la mayi wa makakana uja. Mpikisano ukatha, zinthuzi zimapita kuti? Batire linabwerera kwa mwini wake, pakuti nayenso amadyera momwemo. Paipi inatsamira pakona m'nyumba mwanga. Ndikuganiza kuti beseni la galasi lija nalonso lili pakona kwinakwake, pomwe anthu a kumeneko akumwabe mchere.

Mwana wa mchemwali wanga ndi namwino, ndipo nditamudandaulira anandiuza za makina otchedwa Pumani, omwe amathandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma. Anati anayamba ngati ntchito ya gulu la ophunzira a pa Rice University ku America, mogwirizana ndi madokotala a ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Oyambirira anali m'kabokosi ka pulasitiki, okhala ndi timapampu ta m'mathanki oweteramo nsomba ndi botolo la madzi. Atawayesa ku Queen Elizabeth, mwa makanda 100 ovutika kupuma, opulumuka anachoka pa 44 kufika pa 71, ndipo lero makinawo ali m'zipatala za maboma. Botolo la madzi, ngati la ana athu! Kusiyana kwake n'koti kumeneko panapezeka akuluakulu omwe anati bweretsani tiyese, tikonze, tiyesenso.

Ndiye kwa ife ndani anganene mawu amenewo? Kuseri kwa mapiri omwe ndimawaona ndikakhala pakhonde kuli sukulu ya ukachenjede ya sayansi ya MUST, ku Thyolo. Ku Chikwawa akukumba ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira yoti idzathirire mahekitala oposa 40,000, ndipo idzafuna anthu odziwa matope, zipata za madzi ndi namasupuni. Kuli makomiti oona za ngozi m'midzi, kuli a Red Cross, kuli mafumu. Kodi sizingatheke kuti tsiku la mpikisano anthu otere azikhala nawo m'holo, aliyense n'kutengako chinthu chimodzi kukachiyesa? Mwina hutala ya anawa ili ndi zolakwika khumi zomwe injiniya angazione. Azione, awauze, akonze limodzi. Kuwapatsa satifiketi n'kuwasiya kuli ngati kuyamikira mbande n'kusaiwokera.

Sabata yatha mitambo yayamba kuunjikana pamwamba pa mapiri a Thyolo, ndipo nyerere zayamba kusamutsa mazira. Loweruka ana asanu aja anabweranso. Mdzukulu wanga anandionetsa tsamba lomaliza la kope lake, pomwe panali nambala ya foni. Anati ndi ya mtsikana wa sukulu ya kumtunda ija. Anakumana pamzere wa chakudya tsiku la mpikisano, ndipo zinapezeka kuti nawonso mu 2023 anachezera mumtengo. Agwirizana kuti paipi ikaime kwawoko, pafupi ndi nyumba ya amalume ake omwe ali ndi foni, ndipo wamfupi uja akawalukire mpanda.

Anatulutsa paipi pakona, n'kuyamba kuipukuta fumbi. Bango lakale linali litafumbwa, pankafunika lina. Ndinaimirira pafupi, manja kumbuyo.

"Mpikisano unatha?" ndinafunsa.

"Unatha, agogo."

"Ndiye lamulo lija?"

Anayang'anana, kenaka mnyamata wa bango anasendera, n'kundisiyira malo pathumba. Ndinatenga mpeni wanga wakale. Iye ankaluka nsonga, ine m'mbali, ndipo pena ankandiwongolera dzanja. Tinamaliza dzuwa likulowa.

Chatsala ndi batire. Ana awerengera mtengo wake pamodzi ndi kasola kolitchajira, ndipo ine ndalonjeza nkhuku ziwiri. Sizikwana. Lamulungu ndikaima pabwalo la amfumu, ndikafunse anthu a m'mudzi uno funso limodzi lokha: ana asanu achita mbali yawo, nanga ife tilipo angati?